Wometa Woima pa Geti

Loweruka lililonse, dzuwa likangopendeka, wometa uja ankakhoma chitseko cha kachipinda kake kometera, kunyamula kachikwama kakuda ka zida, n'kuyenda wapansi mpaka pa geti la chipatala chachikulu. Akafika pamenepo sankalowa nthawi yomweyo. Ankatula chikwamacho pakati pa mapazi ake, kuvula chipewa, kupukuta dazi ndi chikhatho, milomo n'kumagwedera popanda mawu omveka. Anthu odzaona odwala ankamulambalala, ena kumugunda ndi mabeseni ndi mafulasiki, iye ali chiimire. Kenaka ankapanira chipewa kukhwapa, kutola chikwama, n'kulowa. Kaya mvula ikugwa, kaya dzuwa likuswa mtengo, anachita zimenezi mpaka ukalamba, ndipo alonda a pagetipo, akale ndi atsopano omwe, anazolowera kumusiyira kampata.

Dzina lake lenileni linkamveka kutchalitchi kokha. Mumsewu wonse ankadziwika kuti Tiona, poti ndilo linali yankho lake pa chilichonse. Ukamufunsa ngati mawa atsegula, tiona. Ukamufunsa kuti agula liti mpando wina, wakalewo utayamba kutsina anthu, tiona. Pometa pokha m'pamene dzanja lake silinkafunsa nzeru kwa munthu. Linkayenda molunjika, mzere wa pachipumi n'kutuluka ngati waujambula ndi rula, ndipo lezala lake silinadziwe magazi a munthu.

Amene ankadziwa chiyambi cha kuima pagetiko anali mlamu wake, wosoka nsapato, yemwe aliyense ankangomuti Wansapato. Awiriwa ankagwira ntchito panyumba imodzi: Tiona mkati, Wansapato pakhonde pafupi ndi khomo, atakhala pa benchi pakati pa mulu wa nsapato zofuna zidendene. Tiona anakwatira mlongo wake wa Wansapato, ndipo m'zaka zoyambazo khondelo silinkasowa phwete. Wansapato sanali munthu wolankhulalankhula, koma akatsegula pakamwa ankalasa. Ankauza odikira kumetedwa kuti mlongo wakeyo anatopa n'kudikira mpaka anadzifunsira yekha mbeta, ndipo kuti pa tsiku la ukwati abusa atafunsa funso lija, mpingo wonse unagwira mpweya kuopa yankho. Tiona ankabweza ali mkati, sizasi ikulira, kuti munthu wokhalira kuyang'ana mapazi a anzake sangadziwe za m'mutu.

Mkazi wa Tiona atayamba kudandaula m'mimba, mwamunayo anati tiona. Sikuti sankamukonda. Ankamuphikira tiyi, kumuchapira, kugwada pambali pa bedi n'kupemphera mpaka mawondo kuchita dzanzi. Koma mawu oti chipatala ankawaopa. Bambo ake ndi mayi ake onse analowa pa geti lomwelo osatulukanso ndi miyendo yawo, ndipo mumtima mwake munakhazikika zoti ukam'perekeza munthu kumeneko wam'perekeza ulendo wonse. Pomaliza Wansapato ndiye anapeza galimoto n'kukamugoneka mlongo wake. Madokotala anati abwera naye mochedwa, koma ayesa.

Mayiyo ankafunsa za mwamuna wake tsiku ndi tsiku. M'mawa wina anauza mchimwene wakeyo kuti akamutenge basi, ali naye mawu. Tiona anavala jekete la kutchalitchi, nayenda ndi mlamu wake mpaka pageti. Pomwe ankafika n'kuti gulu la amayi likutuluka, likulira maliro a munthu wina. Tiona anaima. Anati alamu tsogolani, ndipemphere kaye pang'ono, ndikupezani. Wansapato analowa yekha. Masana, pobwera kudzanena kuti zonse zatha, anapeza mlamu wake ali kuntchito akumeta munthu, jekete lija likadali m'thupi.

Sipanakhale mkangano. Wansapato sanatukwane, sanaloze chala, ndipo pamaliro anagwira ntchito zonse zomuyenera. Anangosiya kuseka. Benchi yake anaitembenuza kuti iziyang'ana kumsewu, ndevu zake anayamba kudzimeta yekha kunyumba, ndipo pakati pa awiriwo panatsala moni wa m'mawa ndi kubwerekana tsache. Mwana wamkazi wa Tiona, amene anali atakula kale, ankabweretsa chakudya cha masana m'mbale ziwiri, poti bambo ake ndi amalume ake sankapisanso m'mbale imodzi. Kutchalitchi ankakhala mbali zosiyana, n'kumaimba nyimbo imodzi. Zinapita choncho zaka, mpaka anthu atsopano mumsewumo sankadziwa n'komwe kuti awiriwa ndi pachilamu.

Tsiku lina Wansapato akukoka ulusi, singano inapulumuka m'dzanja lake. Anawerama kuti atole, dzanja osamvera. Anafuna kuitana, lilime lili lolemera ngati chikopa chonyowa. Tiona ndiye anamva benchi ikugwa. Anasiya munthu mutu uli theka, nathamanga kukaimitsa galimoto, namunyamula yekha mlamu wake ngati mwana. Anatuma uthenga kwa mkazi wa Wansapato, ndipo mayiyo atafika, Tiona anakwera nawo, mutu wa wodwalayo uli pamiyendo pake. Galimoto itafika pageti n'kuima kuti mlonda atsegule, Tiona anaika mutuwo pamiyendo ya mayiyo mosamala, natsika.

Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Anamugoneka m'wodi ya amuna, m'chipinda cham'mwamba, pa bedi la pazenera. Mkazi wake ankamutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi sipuni. Ankapukuta dovu, lina n'kutsika. Ndevu zinamera, zoyera ndi zakuda, zikugwira phala ndi dovulo. Mayiyo atayesa kumumeta anamucheka pachibwano, ndipo iye anamukankha ndi dzanja lamoyolo, osalolanso kuti lezala limuyandikire. Anthu a kutchalitchi akabwera ankatseka maso ngati wagona. Obwera kudzamuwongola ziwalo ankawakanira mwa kuumitsa thupi. Munthu amene moyo wake wonse anadya za manja ake sanaone chifukwa chodzukira ndi dzanja limodzi, ndipo pemphero lokha limene linkamubwerera linali loti Mulungu amalize ntchito imene wayamba.

Chimene chinamutsalira anali maso, ndipo pazenerapo pankaoneka geti.

Chipewa chija anachizindikira tsiku loyamba limene anakwanitsa kutembenuza mutu. Inali nthawi yoona odwala, anthu akukhamukira mkati ngati madzi m'ngalande, ndipo pakati pawo panali munthu mmodzi wosayenda, kachikwama kakuda kali m'manja. Anaima mpaka gulu lonse linatha. Kenaka anapita kwa mayi wogulitsa nthochi, nagula, napatsa mlonda kuti atumize, n'kubwerera. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi. Nthochi zinachuluka pa kabati mpaka mkazi wa Wansapato ankagawira wodi yonse.

Poyamba Wansapato anamva mkwiyo wakale uja ukudzuka. Ankati mumtima, tiyeni tiyeni sachoka. Ndi momwemu anaimira mlongo wanga akumuitana. Koma munthu wogona chagada ali ndi nthawi yoonetsetsa, ndipo wosoka nsapato amayamba kuona mapazi. Anaona kuti mlamu wake sankangoima ayi. Thupi linkapendekera kutsogolo, zidendene n'kunyamuka, phazi limodzi n'kutsala pang'ono kuponda mkati, kenaka zonse n'kubwerera mwakale ngati wina wamukoka malaya. Ankatero kambirimbiri. Pobwerera ankayenda ngati munthu amene wasenza thumba la simenti. Ndipo nthawi imeneyo inali yomwe anthu amachuluka kometa. Ndiye kuti tsiku lililonse ankatseka ntchito kudzalimbana ndi geti n'kugonja.

Wansapato anadzapezeka kuti akuidikira nthawiyo. Phala ankameza mofulumira kuti mkazi wake amukhazike tsonga asanatsegule geti. Ndipo tsiku lina, akuyang'ana zidendene zija zikunyamuka, anadzimva akupemphera pemphero lina, loyamba losakhudza imfa chigonere pabedipo. Linali lalifupi: Ambuye, mukankheni.

Loweruka lina mkazi wake anatsika kukagula sopo kunja kwa geti. Wansapato anamuona akudutsa pafupi ndi Tiona, n'kuima, n'kubwerera. Anaona manja a mayiyo akugwira m'chiuno, kenaka chala chikuloza kuzenera. Mawu sankamveka, koma mkazi wake ankamudziwa. Akagwira m'chiuno choncho ndiye kuti wina akumva zoona. Mayiyo anadzamufotokozera pambuyo pake. Anati anamufunsa kuti kodi mwalembedwa ntchito ya ulonda, ndipo Tiona anayankha kuti akupempha Ambuye amuchotsere mantha, akangomva mtendere mumtima alowa.

"A Tiona," anatero mayiyo, "mesa Ambuye ananena kale kuti odwala tiziwaona? Mukufuna abwereze chifukwa cha inu nokha? Mtendere wanuwo mukaupeza mkatimo. Mlamu wanu wasanduka tonde ndi ndevu."

Anamusiya pomwepo, osadikira yankho.

Wansapato anaona mlamu wake akutula chikwama pakati pa mapazi. Anavula chipewa, napukuta dazi. Anaima nthawi yaitali, mutu uli pansi. Kenaka anapanira chipewacho kukhwapa, natola chikwama, naponda mkati. Ankayenda ngati munthu wowoloka pa thabwa limodzi, osayang'ana kumanzere kapena kumanja, mpaka denga la khonde la chipatala linamubisa.

Anatulukira pakhomo la wodi malaya atanyowa ndi thukuta, maso ali pansi kuti asaone mabedi. Nesi ndiye anamulozera. Atafika anangoti, "Alamu." Wansapato, amene anali atapempherera zimenezi, anatembenuzira nkhope kukhoma, manyazi a dovu ndi ndevu anamugwira mwadzidzidzi. Tiona sanadziwe chonena china, choncho anachita chimene ankadziwa. Anatsegula chikwama. Anapempha madzi ofunda, mayiyo nathira a m'fulasiki m'kabeseni. Anamanga thaulo m'khosi mwa wodwalayo. Kenaka anagwira sizasi.

Anayamba wadula ndevuzo kuti zifupike, napaka sopo, naika lezala latsopano. Ndi chala chimodzi anatembenuza chibwano cha mlamu wake, monga ankatembenuzira cha wina aliyense, ndipo chibwanocho chinamvera. Anati tukumulani tsaya, poti ankatero kwa onse. Linatukumuka la kumanzere lokha. Sananene kanthu. Tsaya lakufalo analikoka ndi zala ziwiri, nalimeta pang'onopang'ono, ndipo dovu likatsika ankalipukuta ndi nsonga ya thaulo ngati ndi thovu la sopo basi. Chigonere m'chipatalamo anthu ambiri anali atamugwira Wansapato, onse momumvera chisoni. Ameneyu anamugwira ngati munthu wobwera kudzametedwa.

Tiona anali ndi chizolowezi pomaliza ntchito. Ankatenga kagalasi kam'manja n'kumugwiritsa wometedwayo kudzanja lamanja kuti adzione, iye akutsuka zida. Dzanja linachita zimene linazolowera mutu usanaganize. Anaika kagalasiko m'dzanja lakufa lija n'kutembenuka. Kanatsetsereka n'kugwera pa bulangete. Mkazi wa Wansapato anagwira pakamwa. Tiona anaona chimene wachita, ndipo nkhope yake inagwa. Wansapato anaganiza kuti tsopano apepesa, alongedza, athawa. Koma Tiona anatola kagalasiko, nakabwezera m'dzanja lomwelo, napinda zalazo chimodzichimodzi, dzanja lake lili pansi kuchirikiza.

"Gwirani, alamu. Galasi ndi lomweli. Mukaswa muzikadziyang'anira m'beseni."

Wansapato anayang'ana. Pakamwa panali popotoka ndithu, diso limodzi lolefuka, koma nkhope inali yake, ya munthu amene anthu ankamupatsa moni mumsewu. Anasonkhanitsa lilime, ndipo mawu amene anatuluka anali oyamba kumveka bwino chidwalire.

"Mwachedwa."

"Ndachedwa, alamu," anatero Tiona. "Ndachedwa kwambiri."

Onse awiri ankadziwa kuti sakunena za ndevu zokha. Tiona anatsuka lezala lija nthawi yaitali kuposa mmene lezala limafunira, ndipo Wansapato sanachotse dzanja lake pomwe linali.

Mkulu wina wa pa bedi loyandikana, amene ankaonerera zonsezi, anakhosomola n'kufunsa ngati ndevu zometedwa ndi za apachibale okha. Tiona anasamukira kumeneko. Atatha iyeyo, wodwala wina anaitana, winanso anakweza dzanja. Belu lotulutsa alendo linalira iye ali pakati pa tsaya la munthu, ndipo nesi anangoti malizani bambo, wodi yayamba kuoneka ya anthu. Polongedza, mkulu uja anafunsa kuti kodi mubweranso liti. Wansapato anaona milomo ya mlamu wake ikukonzekera mawu ake a masiku onse aja. Inaima panjira. Tiona anati Loweruka.

M'mawa mwake obwera kudzawongola ziwalo anadabwa kupeza Wansapato akuwadikira. Sanawauze chifukwa. Ankafuna kuti Loweruka likudzalo agwire yekha kagalasi kaja. Sanakwanitse Loweruka limenelo, ngakhale lotsatira lake, koma tsiku linafika loti kanakhala m'dzanjamo, kakunjenjemera, popanda wochirikiza. Anatuluka m'chipatala ndi ndodo. Dzanja silinabwerere lonse, koma anaphunzira kusoka ndi lamanzere, nsapato ataipana ndi mawondo, lamanjalo likupsinja. Tsiku loyamba kubwerera pakhonde anapeza benchi yake ili momwe anaisiyira, yoyang'ana kumsewu. Anaikoka ndi phazi mpaka inayang'ana kukhomo. Masana mwana wa Tiona anabwera ndi mbale ziwiri monga mwa masiku onse, ndipo amalume ake anamufunsa ngati sopo wotsukira mbale amamutola pansi.

Wodi ija Tiona sanaisiye. Odwala ankasintha, iye ayi. Manesi anamupatsa kampando ndi ngodya yoikapo beseni. Ankameta ogona chagada, omangidwa mabandeji, osiyidwa ndi abale, aliyense lezala lake, ndipo aliyense pomaliza ankagwiritsidwa kagalasi. Ena ankawameta Loweruka ili, lotsatira n'kupeza pabedipo pali wina. Masiku otero ankabwerera n'kukhala pa benchi ya mlamu wake mpaka nthawi yoweruka. Sankalalikira m'wodimo, ankati kulalikira n'kwa ena, iye anapatsidwa sizasi. Koma wodwala akapempha pemphero, ankaika dzanja paphewa n'kupemphera mwachidule, mosiyana ndi mapemphero ake akale aja osatha.

Pa zina zonse anakhalabe Tiona yemweyo. Mpando uja sanagule wina mpaka tsiku limene unathyoka pansi pa mkulu wa mpingo, mutu uli theka, ndipo Wansapato anaseka mpaka misozi, kuseka kwa mbali imodzi kumene anthu a mumsewumo anadzakuzolowera.

Nthawi zina Wansapato ankamuperekeza pa Loweruka, popita kukaonedwa dzanja. Ulendo wina, ataona kuti zaka zapita koma kuima pageti sikukutha, anamufunsa pobwerera kuti kodi mumaimiranji, poti mkatimo mwadziwika kuposa madokotala.

"Mantha sanathe, alamu," anatero Tiona. "Ndikafika paja amandigwira ngati tsiku loyamba. Kale ndinkayesa kuti Mulungu akafuna ndipite, ayamba wandichotsera manthawo. Koma paja ansembe aja a m'Baibulo onyamula likasa, mtsinje sunaphwe iwo ali pamtunda. Anayamba anyowa kaye mapazi. Ine ndinkafuna uphwe ndikadali kunyumba."

Wansapato anafunsa kuti nanga milomo ija imanena chiyani. Tiona anachita manyazi pang'ono, nati palibe zambiri, amangoti Ambuye ndafika, miyendo ndi iyi. Sanakambenso za nkhaniyi, ndipo Wansapato sanafunsenso.

Ukalamba unawapeza pakhonde lomwelo. Woyamba kudziwa kuti Tiona sali bwino anali Wansapato, chifukwa cha lamba. Mlamu wake anabwera naye kuti amuboolere bowo lina, buluku likutsika. Patapita kanthawi anabwera nayenso. Dokotala wina amene ankamuona m'wodi Loweruka lililonse anamukoka n'kumuyeza, ndipo zotsatira zitatuluka anamuuza kuti abwere adzagone, pafunika opaleshoni, ndipo asachedwe. Tiona anati tiona. Loweruka ankapitabe kukameta, koma ankazungulira njira ya kochapira kuti asadutse pakhomo la dokotalayo.

Mwana wake anabwera kwa Wansapato maso ali ofiira. Anati amalume, alankhuleni anzanuwa, ine ndalephera. Akuti akupemphera kaye. Wansapato anangogwedeza mutu. Sanapite kukamulankhula. Anadikira lamba, poti ankadziwa kuti abweranso. Atabwera, anamutembenuza uku ndi uku, namubweza osaboola.

"Lamba watha, alamu. Palibenso poboola."

Tiona anakhala pa benchi, lambayo ali m'manja. Patapita nthawi anati kulowa kukameta munthu ndi kwina, kulowa kukagona pabedipo ndi kwina. Amene amagona paja amawadziwa, wawameta ambiri.

"Ine ndinagonapo," anatero Wansapato. "Munandipeza pomwepo. Mlongo wanga tinachedwa naye. Inu sindifuna tichedwe nanu."

Chimwalirire mayiyo, aka kanali koyamba kuti atchulidwe pakati pawo. Tiona anayang'ana mumsewu, njinga ndi magalimoto zikudutsa, nafunsa ngati Lolemba kuli bwino. Wansapato anati kuli bwino.

Sanatulukemo ndi miyendo yake. Madokotala anachita mbali yawo, ndipo anadzuka ku opaleshoniyo, nakhala milungu ingapo m'wodi yomwe ija, pakati pa anthu amene ena anali atawameta. Anaona adzukulu ake onse, anauza mwana wake zonse zimene ankafuna kumuuza, ndipo tsiku lililonse nthawi yoona odwala mlamu wake ankakhala pambali pake ndi ndodo pakati pa miyendo. Tsiku lomaliza onse analipo. Wansapato amati chimene mlamu wake ankaopa chinachitikadi, koma sichinamupeze akuthawa, ndipo pa zimenezo amathokoza Mulungu monga amathokozera dzanja limene amadyera mpaka lero.

Koma akamamukumbukira, samuona pabedi. Amamuona Lolemba lija m'mawa. Anapita atatu, mwana wake atasenza chikwama cha zofunda, beseni lili m'manja. Tiona anakana kusiya kachikwama kake ka zida. Anati m'wodimo ndevu sizidikira kuti wometa achire. Sinali nthawi yoona odwala, choncho mlonda anati alowa wodwala ndi womuyang'anira mmodzi, agogo enawa adikire masana. Wansapato anatsamira chipilala cha geti, chakunja.

Tiona anatula kachikwama pakati pa mapazi. Anavula chipewa, napukuta dazi ndi chikhatho. Anaima nthawi yaitali kuposa masiku onse, buluku likupepeluka m'miyendo yowondayo. Galimoto ina inaimba hutala kumbuyo, mlonda naikwezera dzanja kuti idikire. Mwana wake anafuna kumugwira mkono, koma amalume ake anamuletsa ndi maso. Milomo inagwedera. Zidendene zinanyamuka, n'kubwerera pansi, n'kunyamukanso. Kenaka anapanira chipewa kukhwapa, nawerama movutikira kutola kachikwama kake, nalowa, mwana wake akumutsatira pambuyo ndi beseni.